Chilombo Chimene Chinalowa Pampanda Masanasana

Mundikhululukire, akuluakulu ndi anzanga nonse amene muwerenge izi, kuti mwana ngati ine ndalimba mtima kulemba, chifukwa sukulu yanga ndi ya kumudzi ndipo sindidziwa kukometsa mawu, komanso nkhaniyi ikukhudza zinthu zimene mwana wamkazi sayenera kuzitchula pagulu. Ndakhala ndikuyamba n'kusiya, kuyamba n'kusiya, mpaka lero ndati bola ndinene, mwina wina angapulumukirepo. Zimene ndilembe pano ndi zoona zokhazokha, sindinazimve kwa munthu pamjigo kapena m'kombi, minibasi za kuno, ayi, ndinaziona ndi maso angawa, ngakhale kuti ndinaziona pa kagalasi ka foni. Sinditchula dzina la munthu aliyense, ndipo amene adzizindikire m'nkhanimu asandisungire kukhosi, sindikufuna kunyoza wina.

Ndinakulira pamudzi wa anthu akwathu amene anatsala pamene ntchito za m'mafamu zinatha, kumene agogo athu ochokera ku Malawi ankalima fodya, n'chifukwa chake Chichewa changa chimawaseketsa anzanga a kuno ku Harare amene lilime lawo linazolowera Chishona. Nditamaliza sukulu, bambo anga ananditumiza ku Warren Park kukakhala ndi azakhali, mlongo wawo, amene anali atangofedwa amuna awo ndipo pasanapite nthawi anagwidwa ndi sitiroko. Dzanja lamanja linafa, mwendo ankachita kukoka, mawu ankatuluka olemera, koma mutu unali bwinobwino ndipo ankatha kuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, msuweni wanga, amagwira ntchito ku Joni. Kuseri kwa nyumba kunali kachipinda ka lendi, mmene ankakhala mayi ena a ku Tete, ogulitsa tomato ndi tinsomba touma ta kapenta pamashopu, amene anabwera kuno ali kamtsikana pothawa nkhondo.

Kuti tisamangoyang'ana ku Joni, ndinapeza ganyu ku Southerton yolongedza sopo m'makatoni. M'mawa ndinkawasambitsa azakhali, kuwaikira tiyi m'fulasiki ndi chakudya patebulo, kenako n'kukhoma geti n'kumapita. Chitseko cha nyumba chili ndi china chachitsulo kunja kwake, mawindo ali ndi zitsulo, ndipo makiyi ankakhala mkati ndi azakhali, moti munthu sakanatha kulowa pokhapokha iwo eni atamutsegulira. Mukumbukire zimenezi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Chaka chimenecho mumsewu mwathu munavuta kuba, makamaka mabatire a sola ndi masilinda a gasi, ndipo akubawo ankabwera dzuwa likuswa mtengo, anthu ali kuntchito. Msuweni atabwera pa Khirisimasi anabweretsa makamera atatu, ina ya pageti, ina yoyang'ana pabwalo mpaka kuseri, ina ya pabalaza pamwamba pa kabati, zonse zodya moto wa batire ya sola poti magetsi a kuno mukuwadziwa. Bambo amene anadzazilumikiza anatifotokozera kuti njira zilipo ziwiri. Tikhoza kumaonera tokha pa mafoni athu, foni n'kumalira chinthu chikasuntha, kapena tikhoza kumalipira kampani mwezi ndi mwezi, anthu awo n'kumaonera mu ofesi usana ndi usiku, akaona choipa n'kutumiza galimoto ya alonda.

Tsiku limenelo kunali bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga ndi azakhali, amene amakhala ku Epworth ndipo mawu awo ndi amene amatseka nkhani m'banja mwathu. Iwo anati ayi, zoti anyamata osawadziwa azikhala mu ofesi akumwa tiyi n'kumayang'ana mlongo wawo akuwodzera pampando nsalu itasuntha, zimenezo tidzachite iwo bambo aakuluwo atamwalira. Anafunsa ngati m'banjamu maso atha kuti tikagule a anthu ena. Wolumikiza uja anafunsa mwaulemu kuti nanga mukaona chinthu, adzathamangire kunyumba kuno ndani, bambo aakulu anati tonse, ndipo anawomba m'manja kamodzi kusonyeza kuti yatha. Msuweni anaseka nati ndiye bwino, mlonda tili naye kale, mkazi wangayu wa kumudzi, maso ake ndi aakulu ndipo sadya zambiri. Mukudziwa mmene msuweni amanyozera, sungamukwiyire. Ine ndinangoyang'ana pansi n'kunena kuti chabwino achimwene, nanga ndikanati chiyani pamaso pa akuluakulu?

Anatsegula gulu la banja pafoni, tonse atatu, bambo aakulu, msuweni ndi ine, tinalandira makamera aja m'manja mwathu, ndipo masabata oyamba zinali zosangalatsa. Makamerawo anali ndi pokambira, moti ukadina kabatani mawu ako ankatulukira pakhoma. Msuweni atabwerera ku Joni ankakonda kundidzidzimutsa ndikusesa, khoma n'kungoyankhula kuti mkazi wanga, wasiya zinyalala pakona apo, sindikukwatira ndithu. Azakhali ankaseka mpaka kutsokomola. Ine kabatani kameneko sindinakadinepo ngakhale kamodzi, ndinkachita manyazi kuti mawu anga amveke mumsewu.

Koma anthuni, kuonera nyumba pafoni ndi ntchito yosadziwa kuweruka. Foni inkalira mphaka akadutsa, inkalira zovala zikagwedezeka pachingwe, inkalira mayi a ku Tete akatuluka ndi beseni, inkalira ngakhale mthunzi wa mtengo wa mapeyala ukasuntha. Kuntchito sankalola mafoni polongedza, ndiye ndinkaibisa m'kati mwa bulauzi, ikanjenjemera ndinkapempha kupita kuchimbudzi kuti ndikaone, mpaka akapitawo anandifunsa ngati ndili ndi matenda a shuga. Ndinkagula data ndisanagule sopo wosambira. Ndikakwera kombi maso pafoni, ndikakhala m'tchalitchi dzanja pafoni, ndinafika pomva ikunjenjemera ngakhale ili chete. Patapita miyezi ndinazindikira kuti anzanga awiri aja anali atatseka kale kulira kwa mafoni awo. Msuweni anati abwana ake amadandaula, bambo aakulu anati imawathera batire, ndipo aliyense ankati poti mwanayu akuona. Ndiye "tonse" uja anasanduka ine ndekha, koma ndikanauza ndani?

Pano ndiyenera kunena chinthu china, ndipo ndichinena mosamala. Malemu amuna awo a azakhali anali munthu wa gule kuyambira nthawi ya kufamu, ndipo pamaliro awo zilombo zinabwera kudzawaperekeza, chinthu chimene azakhali ankachikumbukira monyadira. Nthawi imene ndikunenayi banja linkakonzekera zomanga chiliza, ndipo bambo aakulu anali atanenapo kuti anzawo a malemu adzafika kudzaona nyumba mwambo usanachitike, osanena tsiku. Ife ana aakazi tinaleredwa kuti ukaona chilombo umathawa, kapena umagwada n'kuweramitsa mutu, ndipo chilombo ndi chilombo, pakamwa pako pasatuluke dzina lina lililonse. Sindikudandaula nazo zimenezi, ndi mwambo wa makolo anga ndipo ndimaulemekeza mpaka lero.

Linali tsiku lotentha la mu Okutobala, nthawi ya nkhomaliro, ndili kuseri kwa fakitale ndi buledi wanga, pamene foni inanjenjemera. Ndinatsegula kamera ya pageti ndikuganiza kuti ndi mphaka yemwe uja. Ndinaona ana a sukulu akuthawa, wina mpaka kutaya chikwama, kenako msewu unangoti zii, msewu umene nthawi zonse umakhala ndi ogulitsa ndi anyamata a mangolo. Ndiye chinatulukira. Kumutu nthenga, kumaso chophimba chofiira, thupi lonse matope ouma ndi ziguduli, m'manja chikwanje. Chinaima pageti pathu, chinayang'ana uku ndi uku, kenako chinakwera mpanda wa simenti n'kudumphira mkati. Buledi anandigwera pansi osamumva.

Ndinalemba pagulu la banja kuti kunyumba kwalowa chinthu, chonde onani msanga. Mwamwayi onse awiri anaona. Bambo aakulu anatumiza mawu, ndipo mawu ake anali aukali, anati iwe mwana tseka foniyo, amenewo ndi alendo a malemu, si zoyang'ana akazi zimenezo, achita zawo abwerera. Msuweni analemba akuseka kuti madala akadali otchuka ngakhale kumanda, nati mkazi wanga usakomoke, kenako anazimiririka, ndikhulupirira anabwerera kuntchito. Ndinatsekadi foni monga anandiuzira, ndinaiika pamwendo, koma mtima unakana kukhala pansi. Kumudzi ndinkaziona zilombo patali nditabisala kuseri kwa nkhokwe, ndipo sindinaonepo chikuyenda chokhachokha popanda amuna ochiperekeza. Nanga bwanji chinalowera pampanda ngati ndi mlendo? Ndinapempha Mulungu andikhululukire n'kutsegulanso.

Chinali kuseri, chikutswa loko wa kachipinda ka mayi a ku Tete ndi chikwanje chija. Chinatulutsa silinda ya gasi n'kuiimika pafupi ndi mpanda. Anthuni, chilombo chimaphikira pa gasi kuyambira liti? Kenako chinazungulira nyumba chikugwedeza zitsulo za mawindo, ndipo chitaona kuti sizikutheka, chinaima pawindo la pabalaza pomwe azakhali amakhala, n'kuyamba kugwedeza nthenga ndi kulira kamawu kaja kosongoka. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa chimene chinkafuna.

Ndinatembenukira ku kamera ya pabalaza. Azakhali anali atadzuka, nkhope yawo ikuwala ngati mmene inkawalira mwana wawo akafika kuchoka ku Joni. Anakonza duku ndi dzanja limodzi lija, anafufuza pansi pa nsalu ya patebulo pomwe ankasunga timakobidi, anatenga toti akafupe, kenako anagwira ndodo n'kuyamba kuimirira. Ankapita kukatsegula chitseko. Ndinaimba foni yawo, ndinaiona ikuwala pampando, iwo anangoicheukira n'kupitiriza, nanga munthu angayankhe foni alendo otere ali pakhomo?

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti miyezi yonse ija ndinkaonera nyumba koma ndinalibe nambala ngakhale imodzi ya munthu amene ntchito yake ndi kubwera. Ndinaimbira bambo aakulu, anandidulira. Ndinaimbira amayi a nyumba yoyandikana nafe, Mshona, munthu wabwino kwambiri, anandiyankha monong'ona kuti sisi usandiphetse, pali zvigure panja, dzina la zilombo m'Chishona limenelo, ana ndawalowetsa pansi pa bedi ndipo ngakhale amuna anga akanakhalapo sakanatuluka. Ndinaimbira mayi a ku Tete kumashopu, ndikulira, mawu osalongosoka, iwo anangofunsa kuti chatenga chiyani, nditati silinda yanu, anati mwana wanga ndinathawa mfuti ndili wamng'ono, sindingathawe nthenga za nkhuku ndili ndi imvi, n'kudula foni. Ine ndinavula epuloni n'kuthamangira kumsewu osatsanzika kwa akapitawo.

Kombi imene ndinaipeza inali yopita dera loyandikana ndi kwathu, ndipo inali isanadzaze, hwindi, mnyamata woitanira anthu uja, akungozungulira pang'onopang'ono ngati dziko lonse lili pamtendere. Ndinakhala pampando maso pafoni. Azakhali anali pakati pa chipinda, ndodo patsogolo, mwendo n'kukoka, ndodo patsogolo, mwendo n'kukoka. Masiku onse ndinkapemphera kuti mwendo umenewo ulimbe, koma tsiku limenelo ndinapemphera kuti ulemere, agwe pakapeti, atope, china chilichonse bola asafike pachitseko. Mayi wina wachikulire amene anakhala pambali panga anasuzumira, anakuwa, ndipo posakhalitsa kombi yonse inali itaunjikana pa foni yanga. Bambo wina wa tayi anati mukanalipira kampani bwenzi pano galimoto ili pageti, wina kumbuyo anati a kampaniwo nawonso ndi anthu, akaona nthengazo abwerera chafutambuyo. Hwindi anati sitinyamuka mipando ili yopanda anthu, mayi wachikulire uja anamumenya ndi chikwama paphewa nati iwe unabadwa kwa mkazi kapena kwa tayala, ndipo dalaivala analiza injini.

Tili m'njira azakhali anafika pachitseko. Anavutika ndi kiyi, inagwa, ndinati zikomo Ambuye, koma anaikoka ndi ndodo, anawerama motsamira khoma, n'kuitola. Anatsegula chamatabwa, anatsegula chachitsulo, kenako poti sakanatha kugwada anangoweramitsa mutu n'kutambasula dzanja lokhala ndi timakobidi tija. Chinthucho sichinayang'ane n'komwe dzanjalo. Chinawakankha pachifuwa kuti chidutse, ndipo azakhali anagwa chagada pasimenti, ndodo n'kuuluka. M'kombi monse munamveka mayo. Chinapita molunjika pakona pomwe pamakhala batire ya sola ngati chinaiikapo chokha, ndipo azakhali atayamba kubuula, chinatembenuka n'kubwerera pomwe anagona, chikwanje chili m'mwamba.

Sindikudziwa kuti chinkafuna kuwatema kapena kungowaopseza kuti akhale chete, ndipo sindidzadziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti chala changa chinapita pa kabatani kaja kamene sindinakadinepo, ndipo ine amene sinditha kupempha chenje kwa hwindi ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse kuti asiye, ndikukuona, ndiwe wakuba. Mawu amenewo atatuluka ndinamva ngati ndalavulira kumanda kwa makolo anga. Chinthucho chinadumpha, chinayang'ana kudenga, kuseri kwa chitseko, pansi pa tebulo, kufunafuna mwini mawu. Mayi wachikulire uja anandigwedeza nati uza msewu mwanangu, uza msewu, ndipo ndinasinthira ku kamera ya pageti n'kukuwa m'Chishona kuti mbavha, mbavha, akupha amayi m'nyumba, kombi yonse n'kulandira kukuwako pamodzi ndi ine, ngakhale hwindi yemwe. Kenako galasi linada. Chinali chitazula mawaya a batire.

Ulendo wotsalawo sindingathe kuufotokoza bwino. Ndinkadina, kudina, kudina, foni n'kumangozungulira kachizindikiro kake. Miyezi yonse ndinkadandaula kuti ndatopa ndi kuona, koma kusaona kunali koipa kuposa. Kodi chinawatema chisanazule mawaya, kapena chitazula? Kodi ndawaphetsa ndine ndi kukuwa kwanga? Ndikawauza chiyani bambo anga amene ananditumiza kudzasamala mlongo wawo? Dalaivala anasiya njira yake n'kukhotera ku Warren Park, palibe amene anadandaula, ndipo bambo wa tayi uja ankangoti limba mtima mwana, limba mtima, iye mwini thukuta lili kamukamu.

Tinapeza msewu wathu utadzaza anthu. Anandiuza pambuyo pake kuti mawu oti mbavha atamveka pageti, zitseko zinayamba kutseguka chimodzichimodzi, chifukwa anthu a kuno chilombo amachiopa koma wakuba amamutulukira. Nthawi yomweyo mayi a ku Tete anafika ndi amayi anzawo a pamsika ndi anyamata a mangolo, anathyola geti osadikira kufufuza kiyi, ndipo chinthucho chinatuluka m'nyumba batire ili paphewa, chinaitaya m'dimba la ndiwo, n'kudumpha mpanda wakuseri tomato ndi miyala zikuchitsatira. Sanachigwire. Azakhali ndinawapeza ali moyo, mutu uli pamwendo pa amayi oyandikana nafe aja, opanda bala la chikwanje, koma dzanja lamanzere, lokhalo limene linkagwira ntchito, linali litathyoka, timakobidi tija tili mbwee pansi.

Kuchipatala, atawamanga pulasitala, azakhali analira, ndipo ine ndinkayesa ndi ululu wa dzanja. Anandikokera pafupi n'kundiuza ndi mawu awo olemera aja kuti ankayesa anzawo a amuna awo awakumbukira, abwera kudzawaona. Zimenezo zinandipweteka kuposa zonse za tsikulo.

Mukhoza kuganiza kuti zinathera pamenepo, koma ayi. Bambo aakulu anafika madzulo ake, sanandipatse moni, ndipo anauza anthu ine ndili pomwepo kuti mwanayu watchula chilombo dzina loipa pamaso pa msewu wonse, pamaso pa Ashona, ndipo zikadzapezeka kuti chinali chotumidwa ndi akuluakulu, mlandu wake sudzatha ndi nkhuku. Mayi a ku Tete anawayankha kuti bambo, ngati ndi mlandu muyambe ndi ine, chifukwa ine ndachigenda ndi mwala wa sikelo ndipo ndikudandaula kuti ndachiphonya. Anthu anaseka, koma ine sindinaseke. Masabata otsatira ndinkakhala ngati munthu wodikira chigamulo, ganyu inali itandithera chifukwa chochoka osatsanzika, azakhali ndinkawadyetsa ngati khanda, ndipo makamera atawalumikizanso foni ikanjenjemera ndinkagwetsa chilichonse chimene ndanyamula. Msuweni ankaimba tsiku lililonse, nthabwala zitamuthera, akungoti achemwali pepani, dzina limene anali asanandiitanepo.

Zithunzi za tsikulo zinali zitasungika, ndipo bambo aakulu anapita nazo kwa akuluakulu anzawo ku Epworth. Zimene anakambirana kumeneko si zanga kudziwa. Ndinangoona tsiku lina afika ndi thumba la malalanje, anakhala pakhonde, anandiitana, ndipo m'malo moti ndikhale pansi monga mwa masiku onse anandilozera mpando. Anati akuluakulu anena kuti chimenecho si chawo, sanachitume, ndipo akwiya kwambiri ndi munthu amene wadetsa mwambo chonchi. Anasenda lalanje, kenako anandipatsa n'kunena kuti mwana wanga, mlongo wanga ali moyo. Sananene zambiri kuposa pamenepo ndipo ine sindinkafuna zambiri. Asananyamuke anandifunsa ngati ndikadali ndi nambala ya bambo wolumikiza makamera uja.

Tinagwirizana kuti makamera akunja awiri aziwaonera a kampani, ya pabalaza ichotsedwe kuti ulemu wa azakhali usungike monga bambo aakulu ankafunira poyamba, azakhali azivala kabatani koitanira alonda m'khosi, ndipo kiyi ina ya nyumba izikhala ndi mayi a ku Tete. Wakubayo sanapezeke mpaka lero, ndipo chimene chimandisowetsabe mtendere n'chakuti ankadziwa pamene pali batire, ankadziwa kuti m'nyumbamo muli mayi wamasiye wa munthu wa gule, ankadziwa kuti adzatsegula yekha. Munthu wotero si wochokera kutali. Mwina anadya nafe pamaliro.

Sindikunena kuti a kampani ndi angelo, mwina tsiku lija akanachedwa, mwina akanaopa monga ananenera bambo wa m'kombi uja, sindikudziwa. Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti ife tonse atatu tinaona chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, maso sanatiperewere ayi, koma aliyense anaona ndi mtima wa kwathu, wina ulemu, wina nthabwala, ine mantha, ndipo panalibe mmodzi amene anali pafupi ndiponso amene ntchito yake inali kungonyamuka osafunsa kuti mlendoyo ndi ndani. Ndiye inu amene ana anu akutumizirani makamera kuchoka kunja, ngati mwasankha kuonera nokha, musabalalike pamsonkhano musanatchule dzina la munthu mmodzi amene adzathamange, ndipo mumufunse ngati wavomera. Musanene kuti tonse. Ndipo musamusenzetse mwana wamanyazi foni yotere chifukwa choti sakana, mumufunse nthawi ndi nthawi ngati akugona.

Tsiku la chiliza zilombo zenizeni zinabwera, ng'oma zikumveka kuchokera kumashopu, amuna ochuluka akuziperekeza, ndipo zinalowera pageti lotsegula. Bambo aakulu anali atawachenjeza a kampani dzulo lake, komabe a kampaniwo anaimba kufunsa ngati zonse zili bwino, bambo aakulu n'kuyankha monyada kuti awa ndi athu. Azakhali tinawakhazika pampando pakhomo, pulasitala ili m'dzanja, ndipo poti sakanatha kufupa okha, anaika kobidi m'dzanja langa n'kulikankha ndi chigongono kuti ndiponye m'malo mwawo. Ndinaponya nditagwada, mutu uli pansi, osayang'ana, foni yanga ili m'kabati yozimitsa kwa nthawi yoyamba chibwerere makamera aja. Nkhani imeneyi inatha tsiku limenelo, Loweruka lomaliza la Novembala, chaka chomwecho.